Loweruka Lomwe Zitini Sizinalire

Mudzi wa Kalimbwe,
Mfumu Mnkhanya,
Mambwe.

17 Disembala, 2023.

Okondedwa alongo anga a Langford,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli moyo, ndiponso kuti chifuwa chimene amalume a Eugene anandiuza chija chinakusiyani. Kuno tilipo, tikudzuka, tikupita kumunda. Mvula inachedwa kwambiri chaka chino, yagwa sabata yathayi, ndipo tabzala chimanga ndi mtedza m'munda wa amai. Ndime yanu ya kudambo sindinabwereke munthu ngakhale ambiri akuipempha. Ndaponyamo mapira pang'ono kuti isamere tchire.

Ndisazungulire, alongo. Mwezi watha ndinabwera kundende ku Chipata kudzakuonani. Ndinakhala pabenchi ya odikira kuyambira m'mawa, kathumba ka mtedza wokazinga kali pamiyendo, mpaka msilikali wa ndende anabwera nandiuza kuti, "Mayi, munthu wanu akuti alibe mlongo." Mwamunayo anachita manyazi m'malo mwanu, ankalankhula akuyang'ana nsapato zake. Ndinalira m'minibasi kuchokera ku Chipata mpaka pa Jumbe, anthu mpaka anayamba kundipepesa osadziwa kuti akupepesa chiyani. Tsopano amalume akuti mwanenetsa kuti mukatuluka mu Epulo simudzaponda kuno, mudzalowera ku Kitwe kapena kulikonse kumene simudzaona nkhope yanga. Chimenechi ndicho chikundisowetsa tulo. Amai ndataya kale, ndipo a m'mimba mwawo tinatsala awiri okha. Sindikufuna kutayanso inu.

Ndikudziwa zimene munamva. Munamva kuti njovu inapha amai, Harriet akuvina kubandi. Si bodza ayi. Koma amalume anakubweretserani mutu wa nkhani wokha, thupi lake analisiya kuno. Ndiloleni ndikuuzeni zonse mmene zinayendera, kenako mugamule nokha. Ngati mukufuna kung'amba pepalali, mung'ambe mutafika kumapeto.

Chichokereni inu pa mlandu wa njovu ija munaiombera m'munda mwathu, palibe amene amagwiranso mfuti m'mudzi muno. Tinatsala ndi zitini. Nthawi ya mango ikafika, njovu za kupaki ya nyama kutsidya zimaoloka mtsinje wa Luangwa dzuwa likamalowa, n'kukwera ndi khwawa louma lija mpaka kukatulukira kuseri kwa bwalo la sukulu, kumene kuli mitengo yambiri ya mango. Njira yake ndi yomweyo chaka ndi chaka, ngakhale mwana amaidziwa. Ndiye amuna anagwirizana kuti madzulo alionse azikhala pakhwawapo ndi zitini, matochi ndi zikwapu, ndipo mlamu wanu a Onesmus ndiwo anasankhidwa kutsogolera. Sikuti zitini zimabweza njovu nthawi zonse, inunso mukudziwa. Ntchito yake yaikulu ndi kutiuza ife a m'mudzi kuti alendo afika. Zikangolira, aliyense amasiya chimene wagwira n'kulowa m'nyumba. Amai, ndi bondo lawo lija, ankayamba kukwawira kukhomo chitini choyamba chikangoti ngwe.

Ine ntchito yanga inali yotola mango ogwa pansi pa mtengo wathu dzuwa lisanalowe, n'kukawakwirira kudzenje kuti fungo lisaitane nyama. Ndipo sindinaiwale zimene munandiuza pakhoti paja, maunyolo ali kumanja. Munati, "Harriet, nthawi ya mango usawasiye amai okha dzuwa likapendeka." Ine ndinavomera. Zaka zonsezi ndinasunga mawuwo, ndinawaphwanya tsiku limodzi lokha.

Mu Okutobala tinamva kuti eni maloji ogona alendo odzaona nyama aitana bandi ya ku Lusaka kuti idzaimbe ulere pabwalo la sukulu, Loweruka lotsatira tsiku la ufulu. Ankati cholinga chake n'chakuti anthu ndi nyama tizikhalirana bwino. Mlamu wanu, poti amayendetsa thirakitala kuloji, ndiye ananyamula katundu wawo pangolo. Alongo, masipika ake anali aatali kuposa chitseko cha tchalitchi. Lachisanu madzulo atawayesa, malata a sukulu ananjenjemera, nkhuku zinathawira kutchire, ndipo ife kuno kumapeto kwa mudzi tinkamva kugunda kwake m'chifuwa.

Madzulo omwewo amuna a ulonda anakumana pakhomo pathu. Aliyense ankafuna kukaonera, koma palibe ankafuna kuyamba kunena. Ndiye a Onesmus anati, "Anzanga, ife timaopseza njovu ndi chitini cha mafuta. Nanga zimasipika zija? Mawa kulibe njovu imene ikwere khwawa lija. Zikangomva, zibwerera kupaki zokha. Mawa tapuma, a ku Lusaka atilonderera."

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Inenso ndinaseka. Amai nawonso anaseka, nati, "Mawa zikagona ndi njala zimenezo, zionenso mmene timamvera ife." Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwika. Tonse tinabadwira muno, tonse timadziwa kuti njovu imadana ndi phokoso, ndipo nzeru imeneyo tinaiona ngati yowongoka kwambiri.

Pali chinthu china chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amalume, chifukwa ndinkaopa kuti mudzamva ngati ndikukusenzetsani mlandu. Ine sindinkafuna kupita. Loweruka masana ndinali nditakhala pakhonde ndikusenda chinangwa, mwana wanga Purity atathamangira kale kubwalo ndi anzake. Amai anandiyang'ana nati, "Iwe, wakhalira chiyani?"

Ndinati, "Ndikhala ndi inu. Zoimbazo ndimvera pompano."

Iwo anati, "Kumva ndikumva ndekha, makutu ndili nawo. Ndikufuna maso. Mwana wanga Langford anakulira pa babatoni wa chingwe chimodzi, bandi yeniyeni sanaionepo. Lero yabwera pakhomo pake iye ali m'ndende. Pita ukamuonere. Ukayang'anitsitse mmene akugwirira zida, ukamulembere zonse, kuti nayenso akhale ngati analipo."

Ndinawakumbutsa za mango. Iwo anati, "Ubwere ikamakwana seventini awazi, dzuwa lisanalowe, udzatole. Ine ndikhala pano, bondo ili lindipititsa kuti?"

Musamve molakwa, alongo. Amai anandituma, koma ananenanso nthawi yobwerera. Kuchedwako ndi kwanga ndekha. Ndakuuzani izi chifukwa ntchito imene anandituma sindinaimalize, ndipo ndikufuna kuimaliza lero. Ngakhale zikuwawa, ndikulemberani za bandiyo monga iwo anafunira.

Ndinapita ndi Aida, mnansi wathu wa nyumba ya malata uja. Kunkatentha kutentha kwa Okutobala kwenikweni, koma bwalo linali litadzaza. Ena anachokera ku Jumbe pa minibasi, ena ku Malama pa njinga, ana ali pamitengo. Azungu ndi mabwana a kumaloji anakhala pamipando mu tenti, ndipo pakati pa iwo ndi ife anamanga chingwe. Kumbuyo kwa oimba anapachika nsalu yojambulidwa njovu ndi mwana atagwirana, wina dzanja wina chitamba. Nditaiona ndinakumbuka inu, ndinalavula malovu pansi.

Aphunzitsi a Mwamba, a ku Kasama aja amaphunzitsa giredi seveni, ndiwo anagwira maikolofoni. Anati, "Makolo, mwaswera bwanji? Nyimbo zimene mumve lero si kalindula, si rumba, si zakutchalitchi. Izi amazitcha fanki ndi asidi jazi." Aida anandikodola nati, "Asidi wa m'batire uja? Ndiye tipsa lero." Dzina la bandiyo linali la Chingerezi ndipo linandiphonya, mundikhululukire.

Anayamba ndi wang'oma yekha. Ng'oma zake si zathu zija, ndi gulu la ng'oma ndi mbale zachitsulo, amamenya ndi timitengo kwinaku phazi likuponda ina yaikulu. Ankamenya mosathamanga, ngati mmisiri wokhoma misomali amene akudziwa kuti tsiku ndi lake. Kenako analowa wa besi, kenako wa gitala, kenako wa kiyibodi. Ife tinali chiimire kudikira woimba mawu, koma woimba sanabwere. Mkulu wina pambali panga anafunsa mokweza kuti, "Kodi akadayesa zida, kapena ayamba?" Anthu anaseka, ndipo ena anayamba kung'ung'udza kuti a ku Lusaka atibweretsera nyimbo zosapsa.

Wa besi uja ndinamuyang'anitsitsa chifukwa cha inu. Anali mnyamata wonenepa, waima chabe ngati akudikira basi, nkhope yosaseka. Chida chake chili ndi zingwe zinayi zokhuthala. Sakoka ngati mmene munkakokera babatoni wanu. Amamenya chingwe ndi chala chachikulu, kenako n'kutsina china ndi chala cholozera mpaka kulira kuti thwa. Koma chinsinsi chake chenicheni, mmene ndinaonera ine, ndi mipata. Pamene ukuyembekeza kuti amenya, samenya. Amamenya utataya kale mtima, ndiye chiuno chimagwera mumpatamo chokha iwe usanachiuze. Ndinadziwa kuti mukanakhalapo mukanakaima pamphuno pake penipeni mpaka kumusowetsa mtendere.

Wa gitala samaimba nyimbo yaitali ayi, amangokanda kuti chaka-chaka, chaka-chaka, ndipo akaponda kachitsulo kena pansi gitalayo imalira kuti wawa, wawa, ngati khanda lofuna bere. Kiyibodi inkamveka ngati limba la kutchalitchi limene laledzera. A malipenga anaima pamzere. Amakhala chete nthawi yaitali, kenako onse pamodzi pa! pa-pa! n'kukhalanso chete, akupukuta milomo. Pakati pawo panali mkazi wamng'ono thupi, wometa mpala, amene aphunzitsi anati dzina lake ndi Inonge, wa ku Mongu. Lipenga lake ndi lopindika, lagolide, lokhala ndi mabatani ambiri, amalitcha saksofoni. Iyeyo ikafika nthawi yake amatsinzina n'kuchoka panyimbo, kupita kutali kwambiri mpaka iwe n'kunena kuti wasokera ameneyu. Anzake osatekeseka, akungogwira pansi. Kenako umangoona watulukira pakhomo penipeni, onse n'kumulandira ndi pa! Amapatsana mpata chomwecho mmodzimmodzi, ndipo nyimbo imodzi imatalika moti ungapite kumjigo n'kubwerako isanathe.

Sindikudziwa kuti anthu anasiya liti kung'ung'udza. Ndinangoona mkulu wofunsa uja wapinda mawondo, mapewa akuyenda okha. Ana ndiwo anayamba kulowa pakati, kenako amayi, kenako aliyense. Chingwe chija chinagwa ndipo palibe anachitola. Azimayi achizungu anavula nsapato n'kulowa m'fumbi momwemo, akuvina zawozawo zosagwirizana ndi ng'oma, ife tikuwaombera m'manja. Nyimbo ina wang'oma anatembenuza kamenyedwe kukhala ngati ka chinamwali chathu, ndipo amayi anaimba nthungululu mpaka Inonge uja anaseka lipenga lili pakamwa.

Ndinavina, alongo. Sindibisa. Chichokereni inu ndinali ndisanavinepo, ngakhale paukwati. Kumjigo anthu amasiya nkhani ndikafika, kutchalitchi amatipempherera mokweza kuti aliyense amve kuti kwathu kuli mkaidi. Tsiku limenelo palibe anandiyang'ana ndi diso limenelo. Ndinali mkazi wovina pakati pa ovina anzake, thukuta likutsika, fumbi lili m'kamwa. Ndinakondwa kwambiri, ndipo chimwemwe chimenecho ndicho chimandiwawa koposa ndikachikumbuka.

Dzuwa ndinaliona. Sindinganame kuti sindinaliona. Linatsika mpaka kukhudza nsonga za mitengo, ndipo mumtima ndinati, nyimbo ino ikatha ndinyamuka. Aida anatsanzika kuti akaphikire amuna ake, nandifunsa ngati tipitire limodzi. Ndinati, "Tsogola, ndikupeza." Nyimbo itatha anayamba ina yapang'onopang'ono, Inonge yekha ndi wa kiyibodi. Inalibe mawu, koma inkadandaula ngati munthu. Ndinaima chilili ndikuganiza mmene ndingakufotokozereni papepala, misozi ikutsika. Ndinadzinamiza kuti ndikugwirabe ntchito ya amai. Itatha imeneyo analowa ina yothamanga, bwalo lonse linaphulika, ndipo ine ndinati iyi yokha. Ndinatinso mumtima, lero kulibe njovu, mango ndikatola ndi tochi. Akuluakulu sananame, pakadafunda padajiwitsa galu.

Zimene zinkachitika nthawi imeneyo tinazidziwa m'mawa mwake poona mapazi. Njovu zinaoloka monga mwa masiku onse, zazikazi ndi ana awo. Zinakwera khwawa mpaka pokhota paja kuseri kwa sukulu, n'kukumana ndi phokoso. Pamenepo zinazungulirazungulira, ndowe zili mbwee, zikuoneka kuti zinachita mantha ndithu. Koma sizinabwerere kupaki monga tinawerengera ife. Nyama imene yaoloka mtsinje ndi njala, mango ikuwanunkhiza, sibwerera. Zinatuluka m'khwawa mbali inayo, n'kudula m'tchire la kuseri kwa madimba, kufuna kumene kunali chete. Ndipo kumene kunali chete m'mudzi monse ndi kumapeto kwathu kuno, kumene njovu sizinkafika kawirikawiri. Tinazitsekera njira yawo tokha, n'kuzikusira kwa amai.

Amai ataona kuti kukuda ndipo ine sindikuoneka, anatenga beseni ndi ndodo yawo n'kupita pansi pa mtengo kukatola okha. Mukuwadziwa, sankatha kuona ntchito ili pansi. Anali kudalira zitini, koma pakhwawa panalibe munthu. Kuthyoka kwa nthambi sakanakumva chifukwa kugunda kwa masipika kunkafika mpaka pakhomo. Aida anaona njovu zikutulukira ali pawindo lake. Akuti anakuwa, koma amai anali atawerama, msana uli kutchire.

Aida anathamanga mpaka kubwalo. Anakuwa ali kumapeto kwa gulu, palibe anamva. Anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka anandipeza, nandigwira chitenje. Ine nditamuona pakamwa pali yasa, manja ali m'mwamba, ndinayesa wabwerera kudzavina. Ndinamugwira manja onse awiri n'kumuzungulitsa ndikuseka. Ndinamuzungulitsa kawiri. Anachita kundimenya mbama kuti ndimuyang'ane kumaso, ndipo ndinawerenga pamilomo yake mawu akuti amai. Chimenechi ndicho anthu anaona, ndipo ndicho chinafika kwa inu.

Mlamu wanu anali pafupi. Atamva anathamanga kukazimitsa jenereta. Masipika anafa nthawi yomweyo, koma wang'oma ndi a malipenga anapitiriza pang'ono osadziwa kanthu, kenako anasiya mmodzimmodzi. Anthu anayamba kutukwana kuti ndani wazimitsa. Ndiye m'kachetechete mmenemo tonse tinamva njovu ikulira, osati kukhwawa, koma kumbali ya kwathu.

Sindikumbuka mmene ndinathamangira. Tinapeza nyamazo zalowa kale m'tchire. Amai anali gone pansi pa mtengo, beseni litaphwanyika, mango ali paliponse. Anali akupumabe. Sindikunamizani kuti sanamve ululu, anaumva. Sanathe kulankhula, koma anandizindikira, anandigwira padzanja mwamphamvu. Galimoto imene inafika msanga inali minibasi ya oimba aja. Anataya zida zina pansi kuti tipeze malo, ndipo wa besi uja ndiye anawanyamula amai m'manja mwake. Tinanyamuka kupita kuchipatala, mutu wawo uli pamiyendo panga, koma sitinafike nawo. Anatisiya tisanatulukire pamsewu wa tala, dzanja lawo likadali padzanja langa.

Pobwerera ndi thupi tinamva zitini. Amuna onse anali atathamangira kukazitenga, ndipo ankamenya ngati amisala, kuzungulira mudzi wonse. Ndinafuna kutsika kuti ndikawalande n'kuwaponyera m'khwawa. Koma ndinalibe pakamwa ponenera munthu, poti inenso ndinaseka nawo Lachisanu lija.

Maliro anayenda bwino, anthu anabwera ambiri. Tinawaika pafupi ndi atate. M'mawa mwake a zanyama anabwera ndi mfuti n'kuombera njovu imodzi kuseri kwa madimba, akuti ndi yomweyo, kaya anaidziwa bwanji. Monga mwa masiku onse nyama inagawidwa, anthu anathamangira ndi mipeni ndi mabeseni, ena akuchokera pamaliro pomwepo. Mwendo wina anaubweretsa kusiwa kuti olira adye. Ndinayang'ana nyamayo ndikuganiza kuti mlongo wanga akuvala yunifomu ya ndende chifukwa cha nyama ngati yomweyi, ndipo lero ikuphikidwa pamaliro a amai ake, iye kulibe. Ine sindinailawe, ndinadya masamba. Sindikudzudzula amene anadya, njala ya muno mukuidziwa.

Oimba aja sanathawe. Anayenera kubwerera ku Lusaka Lamulungu, koma anakhala mpaka tinaika. Inonge anabwereka chitenje n'kudzakhala pansi pakati pa amayi, miyendo atatambasula ngati ife. Chinyanja chake n'cha m'tauni. Anandigwira phewa nati, "Sisi, sitinadziwe. Sembe munthu anatiuza kuti kumbuyo kuja ndi njira ya njovu, sembe sitinalize." Ndinafuna kumuda mkazi ameneyo, ndinayesetsa ndithu, koma zinandikanika. Akanadziwa bwanji mwana wa ku Mongu, pamene ife eni njira ndife tinawaonetsa poika masipika? Anafunsa ngati angaimbe nyimbo imodzi kumanda, akuluakulu anakana, ndipo anamvera. Anyamata ake anathandiza kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni.

Amalume a Eugene akwiya nane, ndipo ali ndi chifukwa, amai anali mlongo wawo. Koma poti anakuuzani kuti ine ndinkavina, akanakuuzaninso kumene iwo anali. Anali kutsogolo penipeni, chipewa chili m'manja, akupikisana ndi ana a sukulu. Mudzi wonse unali pabwalo lija, alongo, ndipo tsopano aliyense akufuna munthu mmodzi womuloza chala kuti iye agone tulo. Ndanena izi chifukwa zimandipsetsa mtima, osati kuti zindiyeretse. Amalume sanakulonjezeni kanthu. Amene analonjeza ndine.

Mlamu wanu watha thupi. Anasiya utsogoleri wa ulonda, koma madzulo alionse amatenga chitini n'kupita kukhwawa, ngakhale tsopano mango atha. Kunyumba salankhula. Tsiku lina ndinamupeza akunola nkhwangwa kuti adule mtengo wa mango uja, ndinamuletsa. Ndinati mtengowo anabzala ndi atate, ndipo woyenera kunena kuti udulidwe kapena ukhale ndi a Langford. Purity amadzuka akulira, akuti akumva malipenga. Wailesi m'nyumba muno sitinatsegule chichitikireni zimenezi. Ine choipa kwambiri n'chakuti nyimbo yothamanga ija sinachoke m'mutu mwanga. Ndimapezeka ndikupalira, khasu likutsata besi ija, ndipo ndikazindikira ndimakhala pansi m'munda n'kulira.

Sindikukupemphani kuti munene kuti ndilibe mlandu. Ndili nawo, ndipo ndidzafa nawo. Chimene ndikupempha n'chakuti mubwere mudzandikalipire kuno kwanu. Mudzanditukwane pakhonde la amai, anthu akumva, ine ndidzagwada osayankha. Koma musapite ku Kitwe. Kumeneko mulibe munda, mulibe m'bale, ndipo munthu wotuluka m'ndende kumalo kwa eni amabwereramo msanga. Chibale ndi fupa, sichiola. Dothi pamanda a amai simunathire, ndipo ndauza amalume kuti chiliza sitimanga mpaka inu mutaima pamenepo. Anakalipa, koma ndakana ndithu.

Kalatayi abweretsa ndi aphunzitsi a Mwamba, akupita ku Chipata kutchuthi. Ndawapatsira sopo, mafuta odzola, ndi mtedza wina watsopano, poti uja ndinabwerera nawo tinadya. Ngati katunduyo simukumufuna chifukwa wachokera kwa ine, mupatseni mnzanu wa m'chipinda, koma musamubweze. Aphunzitsiwo adzadutsanso pobwerera mu Januwale. Mundilembere ngakhale mzere umodzi, ngakhale wotukwana, ndidzaulandira ndi manja awiri.

Mlamu wanu a Onesmus akupereka moni. Anati ndilembe kuti alibe nkhope yokuonetsani, koma akupereka monibe. Purity akuti moni amalume, ndipo akudikira zotsatira za mayeso. Aida ndi amuna ake akupereka moni, ndiponso anzanu munkaimba nawo aja amafunsa za inu akandiona.

Moni wa amai uliponso, ndipo ndi womaliza. Loweruka lija nditamanga chitenje, ndafika kale panjira, anandiitana kuti ndibwerere. Ndinayesa akufuna madzi. Iwo anati, "Ukamamulembera za bandiyo, umupatse moni wanga. Umuuze kuti akatuluka asadzabwere usiku ngati wakuba. Adzatsike minibasi masana, pamsewu, anthu akuona. Ine ndi bondo langali ndidzakhala nditaima pamenepo."

Iwo sadzaimapo, alongo. Ndidzaima ndine, masana alionse a Epulo, minibasi za ku Chipata zikamafika. Mukafuna mudzandipitirire osandiyankhula, njira ya kumanda mukuidziwa. Ine ndidzatola chikwama chanu n'kumakutsatani pambuyo.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Harriet.